Wakutsina Khutu Ndi Mnansi

Chaka ndi chaka, miyezi ingapo mayeso a boma asanafike, ophunzira a Fomu 4 m'sukulu zambiri za sekondale m'dziko muno amalemba mayeso oyeserera. Mayesowa amakonzedwa ndi aphunzitsi a pasukulupo, kapena ndi sukulu zingapo zoyandikana mogwirizana. Kafunsidwe kake kamatsanzira mayeso a MSCE amene amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Zotsatira za mayeso oyesererawa sizilembedwa pasatifiketi, ndipo sizipatsa munthu malo kusukulu ya ukachenjede. Komabe tsiku limene aphunzitsi amabweza mapepala atachonga ndi tsiku lalikulu m'moyo wa wophunzira. Patsikuli iye amakumana ndi funso limene anthu akhala akulimbana nalo kuyambira makedzana: kodi munthu achite chiyani akauzidwa zoona zokhudza iye mwini, makamaka zoonazo zikakhala zowawa?

Funsoli limaoneka ngati la m'kalasi chabe, koma mizu yake ili m'khalidwe la munthu. Kuona cholakwa cha wina n'kosavuta, ngakhale mwana wamng'ono amatha. N'chifukwa chake makolo adati anyani amasekana zikundu, poti aliyense amaona cha mnzake, chake osachiona. Chimene chimafuna kulimba mtima ndicho chakuti munthu ayang'ane chilema chake mmene chilili, osachiphimba ndiponso osachikuza. Pepala la mayeso oyeserera, lodzaza ndi inki yofiira, limapatsa wophunzira mwayi wochita zimenezi nthawi ikadalipo.

Anthu a kumudzi amadziwa ubwino wa chizimalupsa, mvula ija imagwa kumapeto kwa chilimwe dzinja lisanayambe. Mvula imeneyi si yodzalira, ndipo mlimi wanzeru sathamangira kumunda ndi mbewu chifukwa cha iyo. Koma ili ndi ntchito yake, pakuti imaulula denga lodontha. Mwini nyumba akaona madzi akudonthera pamphasa amadziwa malo enieni pamene udzu udawola, ndipo amakwera padenga n'kufolera bwino mvula yeniyeni isanafike. Akangosuntha mphasayo n'kuiwala, mu Januwale adzagona chiimirire, ufa utanyowa ndipo chipupa chitayamba kugumuka. Palibe munthu wa maganizo abwino amene amakwiyira chizimalupsa chifukwa choonetsa kudontha, poti bowolo lidalipo kale. Mayeso oyeserera ali chimodzimodzi. Sabweretsa umbuli mwa wophunzira, amangoloza pamene pali bowo. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, kutanthauza kuti wochenjeza munthu ngozi isanamugwere ndiye bwenzi lake lenileni.

Ngakhale zili choncho, ophunzira ambiri amathawa uthenga wa mayesowa, ndipo njira zothawira zilipo zitatu. Yoyamba ndi ya kufuna pozembera. Wophunzira akaona malikisi ochepa amapinda pepala lija n'kuliponya pansi pa sutikesi. Kenaka amayamba kuuza anzake kuti mphunzitsi amamuda, kapena kuti mafunso adachokera pa mitu imene sadaphunzire, kapenanso kuti patsikulo mutu unkamuwawa. Ena amafika poganiza kuti kumudzi kuli wina wanjiru amene akuwachita chipongwe. Mwina pa zifukwa zimenezi china chingakhale choona, pakuti mphunzitsi naye ndi munthu, ndipo mutu umawawadi. Koma chifukwa chilichonse chimene chimachotsa udindo wonse m'manja mwa wophunzira chimachotsanso mphamvu zake zokonzera zinthu. Iye amene wanena kuti vuto lonse lili mwa ena wadzimanga yekha manja, poti chamutsalira ndi kudikira kuti enawo asinthe.

Njira yachiwiri ndi ya kutaya mtima. Wophunzira wotere sakana kuti walephera, koma amakuza kulepherako mpaka kuphimba moyo wake wonse. Akalakwa Masamu amati iye adabadwa wopanda mutu wa masamu, ndipo kwawo palibe amene adawakhozapo. Ululu wake ndi weniweni ndipo ayenera kumveredwa chisoni. Komabe maganizo amenewa, ngakhale amaoneka ngati kudzichepetsa, amabisa ulesi wina wake, chifukwa munthu akangoti sangathe ndiye kuti wadzipumitsa pa ntchito yofufuza chimene sadamvetse. Pepala lija silidanene kuti iye ndi mbuli. Lidangonena kuti pa tsiku lakutilakuti sadathe kuyankha mafunso akutiakuti. Kuwonjezera mawu pa zimene pepala lanena ndi bodza ndithu, ngakhale bodzalo likhale lodzinyoza.

Njira yachitatu ndiyo yoopsa kwambiri chifukwa imakoma. Iyi ndi ya wophunzira amene wakhoza bwino ndipo akuganiza kuti nkhondo yatha. Amayang'ana nambala yolembedwa pamwamba pa pepala, namwetulira, m'kati mwake osatsegulamo n'komwe. Saona kuti mafunso ena adangowalota ndipo mwayi udamugwera, kapena kuti mphunzitsi adafunsa pa mitu imene iye adawerenga dzulo lake. Malikisi 75 pa 100 amatanthauzanso kuti 25 adatayika, ndipo okonza mayeso a boma sadalonjeze kuti adzalambalala malo amene malikisiwo adatayikira.

Ophunzira atatu onsewa alakwa pa mfundo imodzi, ndiyo kutenga zotsatira zija ngati chigamulo. Wina akuchikana, wina akuchilira, wina akuchivinira, koma onse akuganiza kuti mlandu watha. Pabwalo la milandu pamakhala mboni ndiponso woweruza. Mboni imanena zimene idaona, ndipo ikakhala pansi mlandu umapitirira. Mayeso oyeserera ndi mboni chabe. Woweruza adzabwera pambuyo pake, ndipo pakati pa awiriwa pali miyezi imene wophunzira angathe kusintha nkhani yonse, malinga wamvetsera zimene mboniyo yanena.

Anzeru a mitundu ina adalingaliraponso za nkhani ya kudzidziwa imeneyi. Ku Athens, m'dziko la Greece, kudali munthu wa nzeru zakuya dzina lake Socrates, amene adaphedwa m'chaka cha 399 Yesu asanabadwe. Wophunzira wake Plato adalemba kuti Socrates atamva zoti kukachisi wa ku Delphi kwanenedwa kuti palibe wanzeru woposa iye, adadabwa, poti sankadziyesa wanzeru. Tsono adayamba kuyendera andale, alakatuli ndi amisiri, nawafunsa mafunso. Adapeza kuti ambiri mwa iwo ankadziyesa odziwa zinthu zimene sankazidziwa. Potsiriza adazindikira kuti ngati ankawaposa, kudali pa kanthu kamodzi kokha: iye sankadzinamiza kuti akudziwa chimene sakuchidziwa. Kudziwa pamene nzeru zalekezera ndicho chiyambi cha kuphunzira, pakuti palibe munthu amene amafunafuna chinthu chimene akuganiza kuti ali nacho kale.

Kudzinamiza kotere n'kosavuta makamaka powerenga. Wophunzira akabwereza notsi zake kanayi kapena kasanu, mawu aja amazolowereka m'maso, ndipo mtima umamuuza kuti wawadziwa. Koma kuzindikira nkhope ya munthu pamsika n'kosiyana ndi kukumbukira dzina lake. M'chaka cha 2006 akatswiri awiri a ku America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, adafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo pa nkhaniyi. Adapatsa ophunzira a payunivesite ndime yoti awerenge. Gulu lina lidapatsidwa nthawi zinayi zowerenga ndimeyo mobwerezabwereza. Gulu lina lidapatsidwa nthawi imodzi yokha yowerenga, kenaka katatu konse lidauzidwa kulemba zonse zimene likukumbukira popanda kuonera. Pa mayeso ochitika patangopita mphindi zisanu, obwereza kuwerenga aja ndiwo adachita bwino. Koma pa mayeso ochitika patatha mlungu umodzi zinthu zidatembenuka. Odziyesa aja adakumbukira mfundo pafupifupi 61 pa 100 zilizonse, pamene obwereza kuwerenga adakumbukira 40 zokha. Chodabwitsa n'chakuti obwereza kuwerengawo ndiwo adali ndi chikhulupiriro chachikulu chakuti adzakumbukira bwino.

Kafukufukuyu akuphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, mtima wa wophunzira si mboni yodalirika pa zimene iye akudziwa, ndipo n'chifukwa chake pafunika mboni ina yochokera kunja. Chachiwiri, kuyesedwa pakokha ndi kuphunzira, poti ubongo ukavutika kutulutsa chinthu umachigwira molimba. Palinso mfundo ina yakale kuposa iyi. M'chaka cha 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany, amene ankadziyesa yekha poloweza timaphatikizo topanda tanthauzo, adaonetsa kuti munthu amaiwala msanga kwambiri m'maola oyambirira atangophunzira chinthu. Adaonetsanso kuti kubwereza kogawidwa m'masiku angapo kumapindulitsa kuposa kubwereza kounjikidwa pa tsiku limodzi. Choncho wophunzira amene amayembekeza kumeza silabasi yonse m'mlungu womaliza akulimbana ndi chilengedwe cha ubongo wake.

Tsono pepala lobwezedwa liwerengedwe motani? Nambala ya pamwamba ndiyo ili ndi uthenga wochepa kuposa china chilichonse papepalapo. Ophunzira awiri angapeze malikisi 45 aliyense pa Masamu, koma matenda awo n'kukhala osiyana. Woyamba adayankha molondola pafupifupi mafunso onse amene adawafika, koma nthawi idamuthera ali pakati pa pepala. Wachiwiri adamaliza pepala lonse, koma mayankho ake ambiri adali olakwa chifukwa mitu ina sadaimvetse. Woyamba akamachezera kuwerenga notsi akutaya nthawi, poti vuto lake ndi liwiro, ndipo mankhwala ake ndi kuyankha mafunso a zaka zam'mbuyo wotchi ili patsogolo. Wachiwiri akalimbikira liwiro adzangolakwa mofulumira. Kuchipatala amayamba ayeza magazi asanapereke mankhwala a malungo, chifukwa si kutentha thupi konse kumene kuli malungo.

Wophunzira wanzeru amatenga kope lapadera, nakhala pansi ndi pepala lake, kulitsata funso ndi funso. Paliponse pamene adataya malikisi amadzifunsa chimene chidachitika. Mwina mutuwo sadauphunzire n'komwe, ndipo apo pafunika buku ndi mphunzitsi. Mwina adauphunzira koma m'chipinda cha mayeso udamuthawa, ndipo apo pafunika kutseka buku n'kumadziyesa kawirikawiri. Mwina sadamvetse funso, nangotchula mfundo pamene funsolo lidati afotokoze, kapena kufotokoza chinthu chimodzi pamene lidati asiyanitse ziwiri. Apo pafunika kuzolowera mawu amene okonza mayeso amagwiritsa ntchito. Mwinanso kudali kusasamala chabe, monga kuiwala chizindikiro chochotsera m'masamu, kapena kusiya chithunzi cha Bayoloji chopanda mayina a ziwalo zake. Akalemba zonsezi m'kope muja amaona kuti zolakwa zake sizili balalabalala, koma kawirikawiri zimatumphuka pa akasupe awiri kapena atatu okha. Funso lililonse limene adalakwa amaliyankhanso payekha, buku litatsekedwa, patapita masiku angapo, kenakanso patapita milungu iwiri. Kukopera yankho lolondola pabolodi n'kulekera pomwepo ndi kusuntha mphasa kuja, denga likudonthabe.

Zotsatirazi zimathandizanso pogawa nthawi, ndipo apa m'pamene kudziletsa kumayesedwa. Pa mayeso a MSCE magiredi amayambira pa 1 kufika pa 9. Giredi 1 ndi 2 ndiwo apamwamba koposa, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, ndipo 9 ndi kulephera. Wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale atakhoza bwino maphunziro ena onse. Ofuna malo m'sukulu za ukachenjede za boma amafunika makirediti 6, kuphatikizapo ya Chingerezi. Choncho wophunzira amene pa mayeso oyeserera wapeza 2 pa Zaulimi ndi 7 pa Chingerezi safunika kuombeza kuti adziwe phunziro loyenera kudya nthawi yake yamadzulo. Komabe mtima umamukokera ku Zaulimi, chifukwa kumeneko zonse zimayenda myaa ndipo amadzimva wanzeru. Munthu amakonda kulima pofewa. Kubwereza phunziro lodziwika kale kumaoneka ngati khama, koma nthawi zambiri ndi njira yaulemu yothawira phunziro lovuta. Wakhama weniweni amaloza khasu pouma, kwinaku osalekerera pofewa paja kumera tchire.

Pali zolakwa zina zimene wophunzira sangazimasule yekha ngakhale atazitembenuza motani. Apa pafunika kudzichepetsa kwenikweni, kopita kwa mphunzitsi pepala lili m'manja. Ambiri amaopa kusekedwa, koma mbewa ya manyazi idafera kuuna. Funso lolunjika, monga lakuti, "Aphunzitsi, pa funso lachisanu ndidasokera pati?" limapindulitsa kuposa dandaulo lakuti, "Masamu sindikuwamva." Loyambalo limapatsa mphunzitsi poyambira, pamene lachiwirilo limangomusowetsa chonena. Anzake a m'kalasi nawonso ndi chuma. Amene adakhoza funso limenelo angathe kufotokoza m'mawu osavuta, ndipo pofotokozapo naye amalimbitsa zimene akudziwa.

Pa zifukwa zonsezi, kubera mayeso oyeserera ndi kupusa kosaneneka. Wolowa ndi likasa m'mayeso a boma amabera dziko, koma wolowa nalo m'mayeso oyeserera amadzibera yekha, pakuti wapereka chiphuphu kwa mboni imene idabwera kudzamuthandiza. Malikisi amene wapezawo amakondweretsa makolo ndi kugoneka aphunzitsi tulo, koma bowo lija likadali pomwepo. Choipa china n'chakuti chizolowezi chimakula, ndipo wobera zazing'ono amadzafuna kubera zazikulu. Dziko lino lidalawa kuwawa kwa chinyengo cha mayeso m'chaka cha 2020, pamene boma lidathetsa mayeso a MSCE ali m'kati chifukwa mafunso ena adabedwa n'kufalitsidwa asanalembedwe. Ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, adalembanso mayesowo kuyambira mu Januwale 2021. Kusakhulupirika kwa anthu ochepa kudabweza m'mbuyo gulu lonse.

Wina angatsutse nati mayeso oyeserera sanena zoona nthawi zonse. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu ndipo isapeputsidwe. Nthawi zina mayesowa amalembedwa silabasi isanathe. Mphunzitsi wina amaumitsa dala mafunso kuti ana achite mantha, pamene wina amafewetsa kuti sukulu ioneke bwino. Ndiponso sukulu zimasiyana. Wophunzira wa pasukulu yoyendera ya kumudzi, yopanda chipinda cha zasayansi ndi mabuku okwanira, amene amayenda mtunda wautali m'mawa uliwonse, sangaweruzidwe mofanana ndi mnzake wa pasukulu yogonera yokhala ndi zonse. Komabe mboni yosaona bwino imafunsidwa mosamala, sithamangitsidwa pabwalo. Ngakhale nambala ya pamwamba itakhala yokayikitsa, funso limene wophunzira adalephera pa mutu umene adauphunzira likunenabe zoona. Ndipo wosowa zipangizo ndiye ayenera kudziwitsitsa poika nthawi yake yochepayo, poti alibe yoti ataye.

Udindo suli pa wophunzira yekha. Mphunzitsi amene amabweza mapepala mochedwa, kapena kungolemba nambala osasonyeza pamene palakwika, watseka pakamwa pa mboni. Amene amawerenga mayina a olephera pamaso pa sukulu yonse kuti anzawo awaseke akuphunzitsa ana kubisa zolakwa, chikhalirecho cholinga cha mayesowa ndi kuziika poyera. Kholo nalo likalandira zotsatira ndi mkwapulo kapena mawu onyoza, mwana amaphunzira kuti zoona n'zoopsa, ndipo ulendo wina adzabisa pepala kapena adzabera. Kholo lanzeru, ngakhale losadziwa kuwerenga, lingathe kufunsa mwana wake phunziro limene likumuvuta ndi zimene waganiza kuchitapo, n'kumuchepetserako ntchito za pakhomo. Mnansi amatsina khutu kuti mnzake amve, osati kuti khutulo lituluke magazi.

Ena amadandaula kuti kulabadira kwambiri zotsatira kumasandutsa sukulu kukhala malo osakira satifiketi chabe. Dandauloli lili ndi nzeru, pakuti maphunziro ndi aakulu kuposa mayeso. Koma khalidwe limene wophunzira amakulitsa pofufuza zolakwa zake limakhalitsa kuposa satifiketi. Namwino wovomera kuti sakudziwa mlingo wa mankhwala, nafunsa, amapulumutsa moyo, pamene wozolowera kubisa umbuli amaika wodwala pangozi. Mmisiri amene amayesa khoma lake ndi chingwe, nagumula mzere wokhota m'mawa womwewo, amamanga nyumba yosagwera anthu. Mtsogoleri womvera aphungu ake pamene amuuza zosakondweretsa amasunga mudzi. Anthu otere sabadwa choncho. Amaphunzira kulandira zoona pa zinthu zazing'ono, monga pepala la inki yofiira, mpaka chizolowezicho chisanduka khalidwe.

Motero mayeso oyeserera amayesa zinthu ziwiri. M'chipinda cha mayeso amayesa zimene wophunzira akudziwa, ndipo mapepala akabwezedwa amayesa ngati iye ali woona mtima kwa iye mwini. Mayeso achiwiriwa sachongedwa ndi mphunzitsi aliyense, koma ndiwo amakonza zotsatira za mayeso a boma. Nthawi ya pakati pa mboni ndi woweruza ndi yaifupi, ndipo zengerezu adalinda kwawukwawu. Wophunzira wofuna kupindula atulutse pepala lija pansi pa sutikesi, aliwongole, atenge kope ndi cholembera, ayambe ndi funso loyamba limene adalakwa.